Wakutsogoloyo Safika

Lachisanu lapitali tinachita sadaka ya arubaini, ya masiku makumi anayi chimwalirire amalume anga, Che Jafali, kwawo ku Chiuaula. Mpunga unakwana, ashehe anawerenga dua, abale a ku Meponda anakwera ndi shapa, minibasi yam'mawa, atanyamula usipa wouma. Zonse zinayenda bwino, koma ine mtima sunakhale pansi. Ndinkangolowa ndi kutuluka, kusuntha mbale zomwe zinali kale pamalo pake, mpaka mlamu wanga anandifunsa ngati ndataya kanthu. Ndinazindikira mochedwa chomwe chinkandisowetsa mtendere. Inali sabata ya korida, Lachisanu lenilenilo, ndipo pabwalo paja panalibe munthu wokangana ndi mnzake.

Korida ndi mpikisano wa magalimoto aja a kunja, a mpando umodzi, oyenda mimba ili pansi ngati mphemvu. Amalume sanauonepo ndi maso mpaka tsitsi litachita mbuu. Zaka zonse zija ankauonera m'makutu, pa chiwailesi chachikulu chomwe anawasiyira Mputukezi wina mwini galaja, nthawi imene tauni ino ya Lichinga inkatchedwa Vila Cabral. Ufulu utabwera mzunguyo ananyamuka mwaphuma, n'kusiya wailesiyo, lole yakale ndi matenda a korida. Zitatu zonsezi zinagwera amalume. Loleyo anaigwiritsa ntchito kukweza nsomba kuchokera kunyanja, mpaka nkhondo inatseka misewu, matayala n'kutha, iyo n'kukhala pa miyala kuseri kwa nyumba. Koma matenda aja sanathe.

Anali munthu wosakhala pansi, amalume. Tiyi ankamwa ataimirira. Kumzikiti ankapita ngati akuthamangitsidwa ndi njuchi, sipanala ikulira m'thumba la jekete. Akamalankhula nawe ankazungulira, moti khosi linkakupweteka powatsatira. Ankakonda kunena kuti munthu woponda buleki msanga amafika ndithu, koma palibe amene amamufunsa kuti wayenda bwanji. Akazi awo, Abiti Saidi, ankawayankha kuti n'chifukwa chake loleyo inagundapo mtengo wa mango kawiri konse pa chitsikiro cha ku Meponda. Amalume ankati mtengowo ndiwo unali pamalo olakwika.

Mdani wawo, amene analinso bwenzi lawo la pamtima, anali a Banaba, kalaliki wa mu ofesi ina ya boma, Mkhristu wa kunyanja komweko, munthu wa tayi ndi ambulera ngakhale m'chilimwe. Awa ndiye anali osapupuluma. Asanakhale pa benchi ankayamba apukuta ndi kansalu. Mwambi wawo unali umodzi, wakuti kuthamanga si kufika, ndipo ankaunena motsitsa mawu, zomwe zinkawawotcha amalume kuposa kutukwanidwa.

Aliyense anali ndi dalaivala wake. Amalume anali ndi mnyamata wina wa ku Brazil, wosaopa imfa, amene nthawi zambiri ankanyamuka ali patsogolo pa onse. A Banaba anali ndi Mfalansa wina wochenjera, wodziwa kusunga mafuta ndi matayala, wodikira anzake adzipweteke okha. Mayina a anthuwa ankavuta lilime, ndiye awiriwo sankawatchula n'komwe. Ankangoti wanga, wanu, wathu. Kumbukirani zimenezi, chifukwa ndi pomwe panagona tsoka.

Mpikisano weniweniwo unkachitika Lamlungu masana, koma kwa iwo chokoma chinali masiku oudikira. Lachinayi amalume ankayamba kutulutsa mabatire a wailesi n'kuwayanika pa denga la lole kuti dzuwa liwapatseko mphamvu, poti atsopano kunalibe m'sitolo iliyonse. Lachisanu amalume akachoka ku mapemphero a Juma, a Banaba ankawapeza akuzungulira kale pabwalo. Loweruka wailesi inkanena amene wapeza malo a patsogolo. Apo ndiye mkangano unkafika pachimake. Ankakangana za mvula ya mayiko omwe sanawapondepo, akuyang'ana thambo la Lichinga. Amalume akaloza mtambo n'kunena kuti kumeneko kugwa mvula ndipo wawo amauluka pamadzi, a Banaba ankati mtambo umenewo ukupita ku Sanga, osati ku Ulaya. Amalume ankakuwa m'Chiyao kuti "Ngwamba!", kukana kwamtuwagalu, nkhuku n'kubalalika. Abiti Saidi ankasuzumira pazenera n'kunena kuti m'nyumba mulibe mchere, mulibe sopo, koma amuna awiri akulu ndi ndevu zawo akulimbana ndi matayala a azungu.

Wa ku Brazil akapambana, a Banaba ankaona zakuda. Lolemba m'mamawa amalume ankakaima pa zenera lawo n'kumalira ngati injini, vuuu, vuuu, kusintha magiya ndi pakamwa, ana a sukulu akuseka. Ankachita zimenezi sabata yonse, osatopa. Akagonja, mlandu unali wa matayala, kapena wa amakaniko, kapena wa wailesi yomwe sinanene bwino. Mawu oti "mwanena zoona" sanali m'kamwa mwawo. Ndinawamva kamodzi kokha moyo wawo wonse, ndipo ndi nkhani imene ndikufuna kusimba.

Inali nyengo yozizira, nkhondo ili pakati. Masiku amenewo galimoto sinkapita yokha ku Cuamba. Magalimoto ankayenda mondondozana ataperekezedwa ndi asilikali, timati koluna, ndipo aliyense ankadziwa kuti lole ya patsogolo ndiyo imayamba kukumana ndi bomba lokwiriridwa mumsewu kapena zipolopolo za pa kona. Pa korida aliyense amalimbirana malo a patsogolo. Pa koluna madalaivala ankawathawa malo amenewo.

Lachisanu lina m'mawa ndinali pa bisha, mzere uja wodikira shuga pa sitolo ya boma, mwana ali kumsana. A Banaba anali cha kumbuyo kwanga ndi ambulera yawo. Amalume anatulukira tsidya lina la msewu atanyamula gudumu la njinga, ndipo m'malo mowoloka anangokuwa ali komweko.

"A Banaba! Mwaliona thambo? Lamlungu wanga anyamuka kutsogolo, wanu adzangodya utsi!"

A Banaba, munthu wolankhula motsitsa, tsiku limenelo anakweza mawu kuti awoloke msewu.

"Anyamuke, Che Jafali! Wathu safuna kutsogolo. Awasiya apite, adikire mafuta achepe, kenako ataki pa kona. Ndikukuuzani ine, Lamlungu wakutsogoloyo safika!"

Ataki ndi mawu a Chiputukezi omwe owulutsa mpikisano ankakuwa galimoto ina ikafuna kupitirira inzake. Koma kwa ife tonse a pa bisha, ataki inali kuukira kwa anthu a mfuti akutchire, ndipo Lamlungu lomwelo koluna inkayenera kunyamuka. Patsogolo panga panali mayi wina wa m'dera lathu lomwelo, amene mwana wake anali atauzidwa kuti ndiye ayendetse lole yoyamba. Anatembenuka, n'kuwayang'ana a Banaba kuyambira ku tayi mpaka ku nsapato, kenako anachoka pamzere. Masiku amenewo munthu sankasiya malo ake pa bisha ngakhale mwana atadwala. Nditaona zimenezo ndinadziwa kuti akukawanenera a Banaba.

Sindimuda mayiyo, ngakhale akulu amati kandimverere adakanena za m'maluwa. Akanakhala mwana wanga pa lole ija, inenso ndikanathamanga. Pomwe amuna ankatuluka ku Juma, a milisiya anali atawatenga kale a Banaba ku ofesi. Uthenga unabwera wakuti Lolemba awakweza lole yopita ku misasa ya kutchire ija, komwe ankati amakaphunzitsanso anthu khalidwe. Ambiri opita kumeneko sitinawaonenso.

Loweruka m'mawa amalume anavala mkanjo woyera ndi kofia, n'kundiuza kuti, "Iwe Asiyatu, phika mbatatesi unyamule, munthu uja sanadye." Tinapita limodzi ku kampu ya a milisiya. Komandanti anali mwamuna wowonda, maso ofiira ndi kusowa tulo, amene anali atataya anyamata ake pamsewu womwewo mwezi wapitawo. Za korida anali asanamvepo chibadwire. Amalume anayesa kufotokoza ndi pakamwa, zinakanika. Ndiye anatulutsa sipanala n'kuyamba kujambula pa dothi njira ya mpikisano, yokhotakhota, akuyika timiyala m'malo mwa magalimoto.

"Apa ndi ponyamukira, kamarada komandanti. Apa pali kona yoipa, aliyense amachepetsa liwiro. Wanzeru amabisala kumbuyo apa, ndiye akafika apa..."

"Ndiye mapu ake ndi amenewa?" anafunsa komandanti, mawu ali pansipansi. "Kona imeneyi ndi ya pa mlatho paja?"

Mayo ine! Ndinaona amalume akuyang'ana chojambula chawo ngati achiona koyamba. Chinkafananadi ndi msewu. Anafufuta ndi phazi msangamsanga, zomwe zinangoipitsa zinthu. Analumbira, wallahi, anatchula makolo awo a ku Meponda, kenako anati mawa abweretsa wailesi pomwepo kuti komandanti adzimvere yekha.

Komandanti anati, "Bwerani nayo. Mkuluyu wanena kuti wakutsogolo safika. Akapanda kufika wa mu wailesi yanuyo, ndidziwa kuti ankanena za mu wailesi. Koma akafika, ndiye kuti wakutsogolo amene ankanenayo ndi dalaivala wanga. Lolemba mukwera nonse awiri."

Amalume anayesa kunena kuti mpikisano si ulosi, munthu amatha kuphonya. Komandanti anali atalowa kale m'nyumba.

Masana a tsiku lomwelo wailesi inanena kuti wa ku Brazil wapeza malo a patsogolo, monga mwa masiku onse. Kanali koyamba kuwaona amalume akumva nkhani imeneyo osavina. Anazungulira bwalo mpaka fumbi linadzuka. Mabatire a pa denga anali atafooka chifukwa cha nkhungu ya sabata yonse, ndiye anachotsa batire ya lole, yomwe ankaisunga ngati dzira, n'kumapala mitu yake ndi mpeni. Akapala pang'ono ankayang'ana thambo, kenako n'kukumbuka kuti mvula imakomera wawo, n'kulavula. Anayamba kudzitsutsa okha mokweza, mbali zonse ziwiri, poti wotsutsa anali m'chitokosi. Amvekere njira ija ndi yodya mafuta, Mfalansa ali ndi mwayi. Kenako amvekere ngwamba, mwana uja akatsogola palibe womugwira. Abiti Saidi anawabweretsera tiyi n'kuwafunsa kuti, "Nanga pa swala mupempherera uti?"

"Sitafurullahi," anatero amalume. "Ndikupempherera Mfalansa, ine Jafali. Usakauze munthu."

Lamlungu tinakankha wilibala kudutsa m'tauni, wailesi ndi batire zili momwemo, tazifunditsa chitenje. Koluna anali ataiimitsa kaye, malole atandandalika panja pa kampu, madalaivala atakhala m'mithunzi yake. Mayi uja analiponso, chapatali. Amalume anaponya waya wokoka mawu pa nthambi ya paini, n'kulumikiza mawaya ena awiri ku batire. A Banaba anawatulutsa opanda tayi, opanda lamba, opanda nsapato, akunjenjemera ndi chisanu, atagwira buluku ndi dzanja limodzi. Asanakhale pa mwala anaupukuta ndi chikhatho. Ndinafuna kuseka ndi kulira nthawi imodzi.

Wailesi ija inkachokera kutali, ndipo mawu ake ankabwera ngati mafunde, kukwera, kutsika, kumira m'phokoso la chiwaya chokazinga. Munthu wosazolowera ankatolapo mawu amodziamodzi. Koma amodziamodzi omwewo anathandiza. Magalimoto atangonyamuka, wowulutsa anakuwa kuti ataki, anakuwanso za kona, za mafuta, ataki kachiwiri. Ndinaona komandanti akukweza nsidze. Anyamata a mfuti anasendera pafupi, ena n'kuyamba kufunsa kuti wathu ndi uti. Posakhalitsa anali atagawikana, awa a Brazil, awa a Mfalansa, akukangana ngati anabadwa nazo. Amalume anali atagwada, khutu lili pa wailesi, ndipo pena ankaiwala. Wa ku Brazil akathawa, nkhonya yawo inkakwera m'mwamba yokha, kenako ankaibweza n'kuikanda m'mutu ngati mwayabwa.

Chakumapeto mawu anamveka bwino kwa kanthawi. Tonse tinamva kuti Mfalansa wayandikira, ali kumchira kwenikweni, akuyesa kupitirira. Bwalo lonse linaimirira. Kenako phokoso lija linabweranso, n'kumiza zonse. Anthu awiri okha pamenepo ndiwo ankatha kumva kupyola phokoso limenelo. Ndinayang'ana a Banaba, ndipo ndinaona atatseka maso. Ndinayang'ana amalume, ndipo nkhope yawo inawala kamphindi, kuwala komwe ndinkakudziwa bwino, kwa Lolemba m'mamawa pa zenera. Ndinadziwa kuti wawo wapulumuka, akupita kukapambana, ndipo ife tatha.

Ine ndinali nditakhala pansi pafupi ndi wilibala, ndiye ndinaona zomwe ena sanaone. Amalume anadzuka ngati akuwongola msana. Chala chachikulu cha phazi lawo chinatuluka mu nkhwaila, n'kukola waya wa ku batire, n'kukoka pang'ono chabe. Wailesi inangoti zii.

Anyamata aja anakuwa. Amalume anaimenya wailesi ndi chikhatho, anaigwedeza, n'kupukusa mutu.

"Batire yatha, kamarada komandanti. Ndi ya kalekale."

"Ndiye wafika kapena sanafike?"

Amalume, munthu amene akanagulitsa mkanjo kuti amve mnyamata wake akuwoloka mzere uja, anaimirira chilili, koyamba m'moyo osazungulira.

"Safika. Ndamva ndekha, mafuta amuthera, injini ikutsokomola. Mwana uja sadziwa kusunga mafuta." Anapuma kaye, kenako anawonjezera mawu aja ngati akuzula dzino. "A Banaba ananena zoona."

A Banaba sanadzutse mutu. Komandanti anayang'ana amalume, anayang'ana batire, anayang'ana pansi pomwe panagona waya uja. Mpaka lero sindidziwa ngati anauona. Anangopukuta kumaso ndi manja onse awiri ngati munthu wotopa ndi zonse, n'kunena kuti, "Tengani chiwailesi chanuchi ndi mkulu wanuyu. Ndikadzamvanso mawu oti ataki pa bisha, sindidzafunsa za Mfalansa." Nsapato za a Banaba sizinapezeke. Anabwerera kwawo atavala nkhwaila za amalume, amalumewo akukankha wilibala ali opanda nsapato.

Koluna inanyamuka patapita masiku, ndipo ulendo umenewo inafika. Isananyamuke amalume anakagona pansi pa lole ya mwana wa mayi uja n'kumukonzera mabuleki, osanena kanthu za bisha. Lolemba lija sanapite pa zenera la a Banaba. Sabata yonse anangokhala chete, akukonza njinga za anthu, nkhope ili ngati munthu wosala kudya. Mpikisano wotsatira utayandikira, mkangano unayambiranso ngati kale, kungoti tsopano ankakanganira kuseri kwa nyumba, ndipo mawu oti ataki anawasintha, ankati kupempha njira. Anakangana mpaka nkhondo inatha, anakangana wailesi ya kanema itafika ku Lichinga, amalume akudandaula kuti magalimoto a pa galasi ndi aang'ono kuposa omwe ankawaona m'makutu. Anakumbutsana mipikisano yonse, chaka ndi chaka, uyu anachita chakuti, uja anagwa pakuti. Koma wa Lamlungu lija palibe anautchulapo, ndipo inenso ndinasunga pakamwa panga.

Lachisanu pa sadaka paja, anthu atayamba kubalalika, ndinawasowa a Banaba. Anali atabwera m'mawa ndi ndodo yawo ndi tayi, n'kukhala panja mwaulemu nthawi ya dua. Ndinawapeza kuseri, pomwe pali mafupa a lole ija, atakhala pa benchi yawo.

"Asiyatu," anatero osandiyang'ana, "unauona waya uja?"

"Ndinauona, bambo."

"Wa Jafali uja anapambana tsiku lija. Ndinamva ndi makutu angawa asanakoke. Anapambana bwino kwambiri, Mfalansa wanga anachita kutsalira." Anagogoda ndodo pansi. "Ndinkati nkhondo ikatha abwera pa zenera adzandilirire vuuu wake uja. Nkhondo inatha. Ndinkati mwina akudikira tikalambe. Lolemba lililonse ndimatsegula zenera lija, mwana wanga. Wapita osandiseka."

Pamalo paja palibe mpando wa amalume, chifukwa sanakhalepo pansi. Chomwe chilipo ndi kanjira kozungulira benchi, kolimba ngati simenti, komwe mapazi awo anaponda zaka zonsezo, ndipo udzu wayamba kale kukalowerera m'mbali. Pa denga la lole pali dzimbiri la timizere pomwe ankayanika mabatire. Wailesi ili m'nyumba, Abiti Saidi anaifunditsa nsalu. Kunja kwa mpanda njinga zamoto zonyamula anthu zinkangodutsa, koma pabwalo paja nkhuku zinkatola mpunga wa sadaka popanda wozibalalitsa.

A Banaba anakweza mutu n'kuyang'ana thambo, nthawi yaitali, mbali ya kunyanja komwe kunali kamtambo.

"Lamlungu kumeneko sikugwa mvula," anatero mokweza, mawu owoloka msewu.

Anadikira, khutu atalipendeketsa. Palibe anati ngwamba.